Kuunika Nthano ya Kalulu ndi Chitsime cha Nyama

Mawu oyamba

Ophunzira, ambiri a inu mudaimva nthanoyi muli ana, agogo akuti "Padangokhala" inu n'kumavomera kuti "Tilitonse". Chifukwa choizolowera, ophunzira ambiri amaipeputsa. Akafunsidwa mfundo yaikulu ya nthanoyi amangolemba kuti ulesi ndi woipa, basi n'kuika cholembera pansi. Yankho limeneli si labodza koma ndi losakwanira, ndipo silingakupatseni malikisi ambiri pa mayeso a MSCE.

M'mutu uno tiona kuti phata la nthanoyi ndi kasungidwe ka chuma cha anthu onse. Nthanoyi ikufunsa mafunso atatu: adakumba ndani, ayenera kumwa ndani, nanga alonde ndani? Pofuna kumvetsa mafunsowa tiyerekeza nthanoyi ndi malo enieni amene ali kunsi kwa mapiri athu a Thyolo, m'Chigwa cha Shire. Malowa ndi nkhalango zotetezedwa za Lengwe ndi Majete m'boma la Chikwawa.

Nthanoyi mwachidule

Kudagwa chilala chadzaoneni. Mitsinje idaphwa ndipo nyama zidayamba kufa ndi ludzu. Mkango, mfumu ya nyama, adaitanitsa msonkhano pomwe adagwirizana zokumba chitsime. Nyama zonse zidagwira ntchito kupatula Kalulu, amene adati iye alibe nazo ntchito chifukwa amamwa mame. Madzi atatuluka, nyama zidapangana kuti wosakumba asamwe nawo, ndipo zidaika mlonda.

Usiku woyamba adalonda Fisi. Kalulu adafika ndi chikho cha uchi, namulawitsa pang'ono. Kenaka adati uchi wotere amadya okhawo amene amangidwa miyendo. Fisi adalola kumangidwa. Kalulu adamwa madzi, adatunga ena, adasamba m'chitsimemo n'kuvundula matope, nathawa. Usiku wotsatira adalonda wina wamphamvu kuposa Fisi, koma naye adagwa mumsampha womwewo. Zidapitirira choncho mpaka Kamba adapempha kuti ayeseko. Nyama zidamuseka koma zidamulola. Kamba adadzipaka ulimbo pachigoba, nakhala duu m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu ataponda mwalawo phazi lidamatirira. Adamenya ndi phazi lina, nalonso lidamatirira, mpaka ziwalo zonse zidakanirira. Pabwalo la milandu Kalulu adauza nyama kuti iye amafa pokhapokha akamugwira mchira n'kumuzunguza. Zitatero, mchira udaduka, iye ulendo.

Kumbukirani kuti nthano ndi yapakamwa, choncho imasiyana malinga ndi dera ndi wokamba. Ena amati mfumu adali Njovu, ena amati Kamba ndiye adapezanso madzi nyama zikuluzikulu zitalephera. Pa mayeso tsatirani momwe nthanoyo yalembedwera m'buku lanu kapena papepala la mafunso.

Malo ndi nthawi

Nthanoyi ikuchitikira m'thengo, m'nyengo ya chilala. Kwa ife a kuno kwa Nchilamwela, kumene tiyi amakhala wobiriwira pafupifupi chaka chonse ndipo chiperoni chimagwa ngakhale mu June, n'kovuta kumva kulemera kwa mawu akuti ludzu. Woti amvetse malo a nthanoyi aganizire za Lengwe mu October.

Nkhalango ya Lengwe ili kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 887. Idapatulidwa mu 1928 pofuna kuteteza nyala, nyama ya mtundu wa mbawala imene imakonda kubisala m'ziyangoyango. Mu 1970 idakhazikitsidwa kukhala paki, ndipo mu 1975 idakulitsidwa. Ku Africa kuno nyala siipezeka mwachilengedwe kumpoto kwenikweni kupitirira Chigwa cha Shire, n'chifukwa chake Lengwe ndi malo amtengo wapatali. Malowa ndi otsika ndi otentha, moti kutentha kumafika madigiri 40 mvula ikayandikira. Muli mitengo ya tsanya, milambe, bwemba ndi mitengo yaminga. Mitsinje yake imayenda m'dzinja mokha, m'chilimwe imasanduka mchenga. Pachifukwa ichi oyang'anira adakonza maiwe amene amathiramo madzi opopa pansi pa nthaka. Pamaiwe amenewa pamakumana nyala, njati, njiri, nswala ndi anyani, chifukwa kwina kulibe madzi.

Chithunzi chimenechi ndicho chitsime cha m'nthano. Wopeka nthanoyi adaona ndi maso ake kuti chilala chimasonkhanitsa adani ndi abwenzi pamalo amodzi. Choncho chilala sichidaikidwe m'nthanoyi ngati chokometsera chabe. Ndicho gwero la kusamvana konse. Kukadakhala mvula, Kalulu sakadakhala wakuba ndipo Fisi sakadakhala mlonda. Polemba za malo ndi nthawi, musamangotchula, onetsani momwe malowo akuyambitsira mavuto a atengambali.

Atengambali

Kalulu ndiye mtengambali wamkulu. Ndi wochenjera, wodzikonda ndiponso wamwano. Taonani kuti bodza lake loyamba lili ndi kachoonadi: akalulu enieni amapeza madzi ambiri m'masamba ndi m'mame, ndipo satsikira kumtsinje kawirikawiri. Bodza lokhala ndi kachoonadi ndilo limanyenga kwambiri. Taonaninso kuti mlandu wa Kalulu si kumwa kokha. Akadamwa n'kuchoka mwakachetechete, tikadati ndi ludzu. Koma iye akusamba n'kuvundula madzi kuti anzake apeze matope. Apa nthano ikusiyanitsa munthu wotenga chifukwa chosowa ndi munthu wowononga chifukwa chosalabadira anzake.

Alonda oyamba, Fisi ndi anzake amphamvu, ndi atengambali amene ophunzira amawaiwala, chonsecho ndiwo akunyamula phunziro lalikulu. Palibe mlonda amene Kalulu adamugonjetsa ndi mphamvu. Onse adapereka okha miyendo kuti imangidwe. Lamulo lidalipo, mlonda adalipo, zikhadabo ndi nyanga zidalipo, koma chikho cha uchi chidapambana zonsezi. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Taonaninso kuti mlonda wachiwiri sadaphunzirepo kanthu pa zimene zidagwera woyamba. Aliyense ankadziona wanzeru kuposa mnzake, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kamba ndi wodekha, wolimba mtima ndi wodziwa zofooka zake. Sathamanga, salumpha, alibe mano. Chida chake ndi chigoba chimene chimafananadi ndi mwala, komanso ulimbo umene mwana aliyense wa kumudzi amaudziwa. Iye sakambirana ndi Kalulu, choncho sapereka mpata wonyengedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkango akuimira utsogoleri. Adachita bwino kusonkhanitsa nyama, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma adalakwa posankha alonda poyang'ana msinkhu, ndipo pa mlandu adalola wopalamula kusankha yekha chilango chake.

Zipangizo

Chipangizo choyamba ndi umunthu. Nyama zikuyankhula, kuchita misonkhano ndi kuweruza milandu ngati anthu. Ubwino wake ndi wakuti wokamba amadzudzula mfumu, mlonda kapena mbale wake popanda kutchula dzina.

Chachiwiri ndi chibwereza. Kalulu akubwera usiku ndi usiku ndi nyambo yomweyo. Kubwerezaku kumaseketsa ana, komanso kukutionetsa kuti vuto silili mwa Fisi yekha, lili mwa aliyense wokhala ndi pakamwa. Pamene Kalulu akumenya Kamba chiwalo ndi chiwalo pali chibwereza china, ndipo apa mpamene pali pampondachimera pa nkhani yonse.

Chachitatu ndi msemphano. Amene ankayembekezeka kugwira wakuba amangidwa ndi wakubayo, pomwe wonyozekayo ndiye wapambana. Msemphano wina uli kumathero: nyama zagwira Kalulu koma zamutaya ndi manja awo, zangotsala ndi mchira.

Chachinayi ndi zizindikiro. Chitsime chikuimira chuma cha onse. Uchi ukuimira chiphuphu kapena phindu la lero limene limaiwalitsa mawa. Matope akuimira chiwonongeko chimene munthu mmodzi amasiyira gulu.

Mfundo yaikulu: chuma cha onse chimafera m'manja mwa ndani?

Mbiri ya Majete ikutithandiza kuona kuti nthanoyi si ya ana okha. Majete ili kumpoto kwa Lengwe, kumadzulo kwa mtsinje wa Shire, pafupi ndi mathithi a Kapichira amene adatsekereza boti la David Livingstone mu 1859. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 700, ndipo mtsinje wa Mkulumadzi umadutsa kumpoto kwake popita kukathira mu Shire. Kumapiri kuli mitengo ya mombo, kunsi kuli milambe ndi mfula. Idatetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1955. Komabe lamulo lapapepala silidaletse mfuti ndi misampha. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique mfuti zidachuluka m'malire, ndipo minyanga idali ndi msika kunja. Pofika mu 1992 mu Majete mudalibe njovu ngakhale imodzi. Zipembere, mikango ndi njati nazonso zidatha. Nkhalango idatsala ndi dzina lokha, monga momwe dambo lalikulu la kunsi kwa Shire limatchedwabe Elephant Marsh chonsecho njovu zimene Livingstone adaziona kumeneko zidatha kalekale.

Mu 2003 boma la Malawi lidachita mgwirizano ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira Majete. Chaka chomwecho mudabwezeredwa zipembere. Njovu zidayamba kubwera mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018 ndipo mimbulu mu 2021. Nkhalango yonse idazunguliridwa ndi mpanda wamagetsi. Njovu zidaswana mpaka mu 2017 zina zidatengedwa kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota.

Kodi chidasintha n'chiyani? Nkhalango ndi yomweyo, mitsinje ndi yomweyo. Chidasintha ndi ulonda. Alonda adaphunzitsidwa, adapatsidwa zipangizo ndipo amayenda m'thengo tsiku ndi tsiku kutsata mapazi a zipembere. Imeneyi ndi ntchito ya Kamba: yochedwa, yosaoneka, yofuna kudekha. Chinanso n'chakuti midzi yozungulira idayamba kupindula. Anthu adapeza ntchito, ana ena adapeza thandizo la sukulu, ndipo pa nyengo yake anthu amaloledwa kumweta udzu ndi kudula nsungwi mwadongosolo. Ena amaweta njuchi n'kumagulitsa uchi. Taonani kutembenuka kwake: m'nthano uchi udamanga mlonda, pomwe ku Majete uchi ukuthandiza kuti mudzi ukhale mlonda.

Choncho mfundo yaikulu ya nthanoyi tingainene motere: chuma cha onse sichitha chifukwa chosowa malamulo. Chimatha pamene osunga malamulowo ndi ogwiritsa ntchito chumacho aika pakamwa pawo patsogolo pa gulu. Mfundo zina zazing'ono ndi kufunika kwa mgwirizano, kuipa kwa dyera, kuipa konyoza munthu poona msinkhu, ndi chilungamo chosakwanira.

Pamene nthanoyi ikuperewera

Wounika wabwino sangoyamikira. Amaonetsanso pamene nkhani yalephera. Nthanoyi ili ndi zofooka ziwiri.

Choyamba, nthanoyi imadzudzula Kalulu ndi pakamwa koma imamukonda ndi mtima. Dzifunseni nokha: pamene munkamvera muli ana, kodi munkafuna kukhala ndani? Ambiri tinkasekera Kalulu ndi kuseka Fisi. Mawu okoma onse ali m'kamwa mwa Kalulu, ndipo pamapeto iye akupulumuka. Mwana angathe kuchokapo ndi phunziro lakuti kuba si mlandu malinga usagwidwe, ndipo ukagwidwa ukhale ndi lilime. Ena amateteza mathero amenewa ponena kuti akuonetsa zoona za moyo: wakuba satha, choncho ulonda sutha. Maganizo onse awiri ndi ovomerezeka pa mayeso malinga muwachirikize ndi umboni wa m'nthano.

Chachiwiri, nthanoyi yapeputsa mlandu popanga Kalulu kukhala wokana yekha kukumba. Potero chilango chake chikuoneka choyenera ndipo palibe womumvera chisoni. Koma m'moyo weniweni si onse otsekeredwa kunja amene adakana kukumba. Makolo a anthu ozungulira Lengwe ndi Majete ankasaka, kufula njuchi ndi kudula mitengo m'malo amenewa malire asadalembedwe. Kwa iwo lamulo lidabwera ngati mlendo wodzatseka chitsime chimene adachipeza kale. Mlimi amene njati kapena anyani amudyera mapira ake saona nyamazo monga momwe mlendo wojambula zithunzi amazionera. Nthanoyi ilibe mtengambali wotere, amene ali ndi ludzu lenileni komanso ali ndi ufulu wakalekale pa madziwo.

Inu a ku Thyolo nkhaniyi mukuidziwa. Malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mabanja ambiri amalima timinda tosakwana. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nkhalango ya m'phiri la Thyolo idadulidwa pafupifupi yonse, anthu akufuna minda ndi nkhuni. Mbalame ina yosowa, imene akatswiri adaipatsa dzina la Thyolo, idatsala ndi tizigawo tochepa ta nkhalango tokhalamo. Kodi mayi wokatola nkhuni kuti aphikire ana tingamutche Kalulu? Nanga wogula matabwa ndi makala pamalole tingamutche ndani? Nthanoyi yatipatsa kale muyeso: kusiyana kwa womwa ndi wovundula. Wa minyanga ndi wa malole ndiye wovundula. Komabe tisadzinamize, pakuti omwa akachuluka popanda dongosolo chitsime chimaphwa ndithu.

Matope a m'nthano nawo ndi enieni. Mapiri akakhala ambee, madzi a mvula amathamanga ndi dothi kutsikira kuchigwa, mitsinje imadzaza mchenga ndipo kusefukira kumakula. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje adaona zoopsa mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Namondwe wa Ana wa mu January 2022 adagumula damu la magetsi la Kapichira, m'mphepete mwa Majete momwemo, ndipo dziko lonse lidavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Wovundula amakhala kumtunda, womwa matope amakhala kunsi.

Zofookazi sizikuchotsa ulemu wa nthanoyi. Zikungotikumbutsa kuti nthano imodzi siingayankhe mafunso onse. Mukapatsidwa chimangirizo kapena ndakatulo yokhudza chilengedwe, yambirani pamene nthanoyi yalekezera. Musangolalikira kuti tisamale mitengo. Onetsani munthu amene ali pakati pa njala ya lero ndi chilala cha mawa, ndipo mumuchitire chilungamo.

Kayankhidwe ka pa mayeso

Ndime iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu: mfundo, umboni wa m'nthano ndi kufotokoza. Nachi chitsanzo cha ndime yoyankha funso lakuti, "Fotokozani khalidwe la Fisi."

Fisi ndi wadyera. Atalawa uchi wa Kalulu adaiwala ntchito imene nyama zinzake zidamupatsa, mpaka adalola kumangidwa miyendo kuti adye wambiri. Izi zikuonetsa kuti adaika mimba yake patsogolo pa moyo wa gulu, ndipo zotsatira zake nyama zonse zidapeza madzi amatope.

Pewani zolakwa izi. Musakambenso nthano yonse pamene funso likufuna khalidwe kapena mfundo. Musasokoneze mfundo yaikulu ndi phunziro: mfundo ndi nkhani imene nthano ikukamba, monga dyera, pomwe phunziro ndi langizo limene tikutolapo, monga kuti dyera limawonongetsa za onse. Musatchule chipangizo popanda kupereka chitsanzo ndi ntchito yake. Potsiriza, zitsanzo za Lengwe ndi Majete muzigwiritse ntchito pokhapokha funso likafuna kuti mulumikize nthano ndi moyo wa masiku ano. Umboni woyamba uchokere m'nthano momwemo.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani momwe chilala chikuyambitsira kusamvana m'nthanoyi.

2. Perekani makhalidwe awiri a Kamba ndipo muchirikize lililonse ndi umboni.

3. Kodi chitsime, uchi ndi matope zikuimira chiyani?

4. Tchulani malo awiri pamene pali chibwereza ndipo mufotokoze ntchito yake.

5. "Amene adawononga chitsime ndi alonda, osati Kalulu." Vomerezani kapena tsutsani popereka mfundo zinayi.

6. Kodi mathero a nthanoyi akulimbikitsa kapena akufooketsa phunziro lake? Fotokozani.

7. Pogwiritsa ntchito mbiri ya Majete kuyambira mu 1955, onetsani kufanana kuwiri ndi kusiyana kumodzi pakati pa nkhalangoyi ndi chitsime cha m'nthano.

8. Lembani nthano yanuyanu ya mawu osapitirira 300 yokhudza chitsime, mtsinje kapena nkhalango ya kwanu. M'nthanomo mukhale mtengambali amene sadakane kukumba koma akuletsedwa kumwa, ndipo muonetse momwe bwalo lidaweruzira mlandu wake.